Mitsuko ya Nachisale m'Denga la Mzikiti wa Sultani

Senderani kuno, ndipo amene ali ndi chifuwa atsokomoleretu, chifukwa ine ndikayamba sindibwereza. Mukuti mzikiti wa pa boma uja ndi waukulu? Kakhola ka nkhunda kaja? Ine ndayenda, anthu inu. Mapazi anga anatha kawiri, awa mukuwaonawa ndi achitatu. Komabe mzikiti umene ndikunenawu ngakhale ine sindinaupondemo. Anaupondamo ndi anthu awiri a kwathu konkuno, ndipo nkhani yawo ndinaimva kwa agogo anga aamuna, mdzukulu wokumba manda, munthu amene sananamepo chibadwire, monga inenso.

Inali nthawi ya magoli, pamene munthu ankatuluka kupita kumunda n'kukatulukira ku Kilwa. Ogula anthu anagwira mayi wina woumba mbiya, dzina lake Nachisale, pamodzi ndi mwamuna wake Mkanthama ndi mng'ono wa mwamunayo, Kamtedza. Mkanthama sanafike kunyanja ya mchere. Goli linamudya khosi, ndipo tsiku limene anagwa osadzukanso anagwira mwendo wa mng'ono wake nati, "Kamtedza, mlamu wakoyu ndakusiyira. Kumene upite, apite."

Awiriwo anagulitsidwa, nagulitsidwanso, nakwera chombo, natsika, nakweranso china, mpaka anafika mumzinda wa Sultani wina, mfumu ya mafumu. Dzina la mzindawo musandifunse, silikwana m'kamwa mwa munthu wopanda mano.

Sultaniyo ankamanga mzikiti woti upose wa atate ake. Ndikati mzikiti, musaganize za nyumba. Bwalo lake lokha, mwana akalowa chipata cha kuno ankatulukira cha uko ali ndi ndevu. Pakati pa bwalo panali kasupe wa mipopi makumi anayi, potawazira anthu asanaswali. M'ngodya zinayi munali nsanja zowonda ngati mikondo, zazitali mwakuti woitana swala ankanyamula kamba pokwera. Mizati inali ya mwala wofiira, umodzi anthu khumi ndi awiri kuugwirana manja osaukwanitsa. Pakati pa nyale anapachika mazira a nthiwatiwa kuti akangaude asamange, ndipo utsi wa nyalezo anaukonzera njira yakeyake yopita m'kachipinda ka pamwamba pa khomo, kumene ankakokola mwaye n'kupangira inki. Mwaye, anthu inu! Umene inu mumautukwana kukhitchini, kumeneko ankalembera mabuku.

Koma mutu wa zonse unali denga. Linali lobulungira, ngati chimphika chachikulu chovundikira, lopanda mzati ndi umodzi womwe pakati. Mmisiri wina anagwetsa nyundo kuchokera pamwambapo Lolemba, inafika pansi Lachitatu.

Dengalo ndilo linavuta. Imamu akayesa kuwerenga kutsogolo, mawu ankakwera, n'kuzungulirazungulira mmwambamo, n'kutsika atasanduka achule a m'dambo. Wokhala kumbuyo sankamva kanthu. Sultani anauza mmisiri wamkulu, nkhalamba yotchedwa Rusitamu, kuti pofika Lachisanu loyamba la mwezi wosala denga likhale litaphunzira kulankhula. Rusitamu anawonda. Potsiriza analengeza kuti aliyense wodziwa mankhwala ake, ngakhale kapolo, adzalandira kalata ya ufulu ndi malo m'chombo.

Pamenepo n'kuti Nachisale atatha zaka zisanu ndi chimodzi akutungira madzi omanga. Chilankhulo cha kumeneko chinamukana, ankangodziwa "bwera" ndi "fulumira". Kamtedza ndiye anali ndi lilime loterera. Anaphunzira msanga, anamupatsa mkanjo ndi dzina latsopano loti Mabruki, nakhala womasulira pakati pa akapitao ndi akapolo. Chilichonse chimene Nachisale ankafuna kunena kapena kumva mumzinda umenewo chinkadutsa pakamwa pa mlamu wake.

Tsiku lina masana, atamva za kalatayo, Nachisale anamukoka mkanjo.

"Alamu, denga lija si lodwala ayi. Ndi mphika wopanda ana."

"Mwayamba liti umisiri, alamu? Dzulo lomweli munali wotunga madzi."

"Inu dzulo lomweli munali Kamtedza wamamina, wondibera zigumu. Tamverani. Kwathu m'chisakasa changa chowumitsira mbiya, munthu akalankhula mawu ankamveka oyera, opanda chiphokoso, chifukwa mbiya zinkamwa zotsalira. Awauze amange mitsuko m'kati mwa dengamo, kukamwa kuyang'ane pansi. Mitsuko idzameza achule aja, mawu enieni adzatsika okha."

Kamtedza anamutengera kwa Rusitamu. Analankhula nthawi yaitali, akujambula m'malere ndi manja. Nkhalamba ija inadzuka, inayendayenda, inamugwira Kamtedza paphewa. Inangomuyang'ana Nachisale kamodzi, m'manja, monga munthu ayang'anira khasu asanaligule.

"Akuti chiyani?" anafunsa Nachisale atatuluka.

"Akuti muumbe mitsuko mazana awiri. Ikagwira ntchito, makalata awiri. Yanu ndi yanga."

Nachisale anakhala pansi pomwepo. Kwawo anasiyako mwana wamkazi woyamba kumene kuyenda. Zaka zonsezi ankaopa ngakhale kumutchula dzina.

Anamupatsa chisakasa kuseri kwa ng'anjo za laimu. Ataumba mtsuko woyamba, usanaume, anaitana mlamu wake. Amayi ake anamuphunzitsa kuti mbiya yaiwisi ili ngati khanda, imamva, ndipo chimene yamva ikapsa nacho siiwala. N'chifukwa chake woumba sakangana kapena kunama pafupi ndi dongo lonyowa.

"Lumbirani umu," anatero.

"Alamu, zakumudzi mpaka kuno?"

"Ngati makalata ali awiri, mukuopanji?"

Kamtedza anaseka, nawerama, nalowetsa pakamwa mumtsukomo. "Ine Kamtedza, ndikadzapita kwathu ndekha, pakamwa pangapa padzakhale pa eni ena. Mwakondwa?"

Dongo la kumeneko linali lonyada. Mitsuko khumi yotsatira inaphulika pamoto, unatsala wa lumbiro uja wokha. Nachisale anadziwa chosowa: dongo lotere limafuna mapale a mbiya zakale, osinja, kuti likhale ndi mafupa. Koma anthu a mumzindamo ankadyera m'mikuwa ndi m'mbale zonyezimira zimene sizigwirizana ndi dongo. Anadandaulira Kamtedza, ndipo patapita masiku awiri Kamtedza anabwera ndi madengu a mapale osinjasinja kale, ofiira bwino, onunkhira ngati a kwathu.

"Mwawatenga kuti?"

"Kudzala. Umbani, masiku akutha."

Kuyambira pamenepo palibe mtsuko unasweka. Ndipo kuyambira pamenepo m'chisakasamo munasiya kukhala bwino.

Inu mumaganiza kuti mizimu imayenda usiku wokha. Imeneyo ndi mizimu yamanyazi. Yokwiya imayenda dzuwa lili paliwombo, pamene mthunzi wa munthu wabisala kumapazi. Nthawi imeneyo amisiri onse ankapita kukaswali, malo onse n'kukhala zii, ndipo Nachisale ankapita kukatunga madzi. Tsiku lina pobwerera anapeza mitsuko imene anaisiya choimirira itagona chammbali, yonse makumi atatu, kukamwa kutaloza mbali imodzi. Anaiimika. Mawa lake chimodzimodzi. Sinasweke, sinakandike, inangogona ngati ng'ombe, kuyang'ana kummwera, kumene chombo chinachokera.

Anati mwina ndi mphepo. Mphepo yanji yogoneka mtsuko mwaulemu?

Kenaka unasowa mwala wake wokulungira. Kamwala kameneko anachoka nako kwawo, anakabisa m'tsaya ulendo wonse wa goli. Anasesa chisakasa chonse osakapeza. Tsiku lachitatu anakapeza pansi pa mtsuko umene anali asanaukhudze, kali kofunda ngati kachoka m'dzanja la munthu, ndipo mtsukowo unali wokulungidwa kale, mokongola, koma ndi dzanja lamanzere. Nachisale sanali wamanzere.

Ndiye kunabwera kulira kuja. Poyamba kunali ngati njuchi zili kutali. Akatchera khutu, kunkakhala ngati amayi akusinja kutsidya kwa mtsinje. Akayandikira mtsuko umodzi, kunkasamukira mu wina. Tsiku lina m'kati mwa kulirako munthu anatsokomola, katatu, kotsiriza kokoka. Nachisale anasiya kuumba. Chifuwa chimenecho ankachidziwa. Chinali cha mayi Nasoko, amene anagona naye mphasa imodzi chaka choyamba, amene iye mwini anamutseka maso.

Anauza Kamtedza. Kamtedza anati, "Ndi utsi wa laimu wakulowani m'mutu." Koma polankhula anaima pakhomo, sanalowe, ndipo kuyambira tsiku limenelo mapale ankangowasiya panja.

Mitsuko inkapsa, amisiri n'kumaikweza ndi zingwe, n'kumaimangirira m'denga mizeremizere. Itatsala isanu ndi itatu, Nachisale anapita kuchitsime masana monga mwa nthawi zonse. Pamwala wa chitsimepo panakhala nkhalamba yaikazi, yofunda chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo. Chiwondo, mumzinda wa nsalu za silika! Inali itazolika, manja onse awiri itaphimba paliwombo.

"Zikomo, mwana wanga," inatero m'chilankhulo cha kwathu, osadzutsa mutu. "Kambiya kanga ka pamutu mwakaika kuti? Dzuwa likutiwotcha."

Nachisale anatula mtsuko wake. Anayang'ana pansi, monga mwa ulemu, ndipo pansipo anaona mthunzi wa chitsime, mthunzi wa mtsuko wake, ndi wake. Anawerenganso: wa nkhalambayo panalibe. Atadzutsa maso, pamwala paja panali ponyowa, basi.

Sanatunge madzi. Anathamangira kuseri kwa phiri la zinyalala, kumene akapolo ochokera kwathu kuno ankaikako anzawo. Kunalibe ziliza. Chimene ankatha ndi chimene timachita ife: pamtumbira uliwonse ankavundikirapo mbiya ya malemuyo, ataiboola pansi, kuti mwini wake adziwe kuti zapadziko zatha ndiponso kuti mutu wake ukhale pamthunzi. Zambiri mwa mbiyazo anaziumba ndi Nachisale yemweyo, mobisa, ndi dothi la m'mbali mwa ngalande. Tsiku limenelo anapeza mitumbira ili mbee. Pa uliwonse panali kabwalo kakuda pamene mbiya inakhala.

Anamupeza Kamtedza pansi pa nsanja.

"Kudzala, alamu? Anthu aja ndi dzala?"

Kamtedza anayang'ana uku ndi uku. "Tsitsani mawu. Akufa samwa madzi. Mumafuna mapale, ndinakupatsani mapale."

"Mwandidyetsa manda m'manja!"

"Ndiye tikawauze amisiri agumule denga? Mukufuna kwanu kapena simukufuna? Mwana wanu uja pano akutha kusinja. Mukufuna adzamve kuti amake anakana njira chifukwa cha mapale?"

Apo anamulasa pachilonda. Nachisale anabwerera kumanda kuja, nagwada, naomba m'manja mtumbira ndi mtumbira. Ambiri ankawadziwa maina ndi midzi yawo, poti pa ukapolo munthu akamafa chimene amasiya ndi dzina la mudzi wake. "Pepani, eni ake," anatero. "Sindinadziwe. Ndiloleni nditsirize. Ndikafika kwathu ndidzayenda mudzi ndi mudzi, ndidzanena kumene mwagona, abale anu adzamete maliro anu. Ndalonjeza."

Tsiku limenelo mitsuko sinagone. Isanu ndi itatu yotsala ija anaiumba m'chisakasa muli chete, chete wa anthu amene akudikira.

Linafika Lachisanu lija. Anthu anadzaza mzikiti ndi bwalo lomwe, ochuluka kuposa nyerere za dziko lino mutaziphatikiza ndi za ku Mozambiki. Sultani anabwera pa kavalo woyera. Nachisale anaima ndi akapolo anzake kunja, pafupi ndi khomo lalikulu. Imamu anayamba kuwerenga motsitsa, ngati akulankhula ndi munthu mmodzi, ndipo mawuwo anatsika m'denga oyera ngati madzi a pathanthwe, nafika kwa aliyense, mpaka kwa wogontha amene anali kuchipata. Nkhalamba zinalira. Rusitamu anagwa chafufumimba. Nachisale sanamve tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe, koma anadziwa kuti manja ake achita chinthu, ndipo mumtima anayamba kale kumanga katundu.

Swala itatha, anaona mlembi wa Sultani akuveka Kamtedza mkanjo wobiriwira, nam'patsa pepala lokulunga. Anadikira kuti mlembiyo apisenso m'thumba. Sanapise.

Kamtedza anatulukira khomo lomwelo, poti lina kunalibe. Kumbuyo kwake kunali kapitao atanyamula tsache ndi chibangili chamkuwa.

"Alamu, yanga ili kuti?"

Kamtedza anayang'ana mipopi ya pakasupe.

"Ndikufunsa inu, Kamtedza."

"Akuti manja anu ndi a mzikiti tsopano. Mtsuko ukadzasweka mmwambamo, adzaumba wina ndani? Mudzidya bwino, alamu. Simudzatunganso madzi."

Kapitao anamugwira dzanja namuveka chibangili chija, nachifinya ndi chopanira. Nachisale sanachiyang'ane n'komwe.

"Tsiku lija kwa nkhalamba ija munalankhula nthawi yaitali. Munati nzeru ndi ya yani?"

Kamtedza anafumbata pepala lake.

"Makalata anali angati?"

"Munthu wamkazi yekha sangafike, njira ija mukuidziwa. Ine ndikafika ndidzapeza njira, ndidzabwera..."

"Akulu anu anati chiyani, atakugwirani mwendo?"

Asanayankhe, Rusitamu anatuluka akumwetulira, namukoka Kamtedza kubwerera naye m'kati. Ankafuna kuti Sultani aone kuti dengalo limanyamula ngakhale mawu a kapolo. Anamuimika pakatikati, pansi penipeni pa chimphika chija, namuuza kuti athokoze.

Kamtedza anakweza manja, nanena mawu oyamba a kuthokoza. Mawuwo anakwera. Anthu anadikira kuti atsike. Sanatsike.

Munali anthu zikwi mmenemo, koma mukanamva nsabwe ikuyenda. Kenaka kuchokera mmwamba, motsitsa, ndi kaphwete ka munthu amene akuseka, kunatsika mawu a Kamtedza yemweyo m'chilankhulo cha kwathu: "Ndikadzapita kwathu ndekha, pakamwa pangapa padzakhale pa eni ena. Mwakondwa?"

Eni mzinda anaganiza kuti kapoloyo wathokoza m'chikwawo, ndipo anagwedeza mitu mokondwa. Amene anadziwa lumbirolo anali awiri okha. Nachisale, ali pakhomo, anaona nyale zonse zikupendekera pakati, mazira a nthiwatiwa akugundana pang'onopang'ono popanda mphepo. Kafumbi kofiira kanatsika m'kuwala kwa mazenera. Kamtedza anali chiyang'anire kumwamba, kukamwa kuli yasa, ndipo anameza. Anamezanso. Anapitiriza kumeza, khosi likukwera ndi kutsika, ngati munthu amene akumwetsedwa mtsinje.

Mawa lake anakwera chombo ndi kalata yake, osatsanzika. Sakanatha. Womasulira uja analibenso liwu.

Nachisale anasesa mzikitiwo zaka makumi anayi. Masiku oyamba, anthu akatuluka masana, ankaima pansi pa denga n'kuitana motsitsa, "Mayi Nasoko? Eni ake?" Ankafuna ngakhale chifuwa chija, ngakhale kulira kwa njuchi kuja. Dengalo linkangomubwezera mawu ake, oyera bwino. Mitsuko inali mbee. Onse anali atapita. Anapeza chombo chawo, anakwera, ndipo amene anawagwadira n'kuwalonjeza uja anamusiya ndi tsache. Mlamu anamusiya, akufa anamusiyanso. Ndipo mwa mitsuko mazana awiri ija palibe umodzi unasweka, moti manja amene anawasungira aja sanawafunepo ndi tsiku limodzi.

Kamtedza anafika kuno patapita mvula ziwiri. Anthu anamuzindikira, akazi analuluta, anamukhazika pamphasa namufunsa za mkulu wake ndi mlamu wake. Anatsekula pakamwa. Munatuluka chifuwa, katatu, kotsiriza kokoka, kenaka mawu a nkhalamba yaikazi: "Ndine Nasoko wa kwa Chimbalu. Ndinagona kutsidya kwa nyanja ya mchere. Kauzeni ana anga amete."

Anthu anathawa mpaka nkhuku zomwe. Koma miyendo ya Kamtedza inadzuka yokha, ulendo wa kwa Chimbalu. Atachoka uko inamutengera kwina. Zaka ndi zaka anayenda, mudzi ndi mudzi, mvula ndi dzuwa, akafika pabwalo pakamwa n'kutseguka, wina n'kudzitchula dzina. Kalata ija inali m'chiuno mwake, yoti munthuyu ndi mfulu. Atatha onse anabwerera kuno, nakhala chete zaka zambiri, akudyetsedwa ndi mwana wa Nachisale yemwe uja, amene sankadziwa kanthu.

Tsiku lina masana, agogo anga alipo, Kamtedza ali nkhalamba yothothoka tsitsi, anadzidzimuka ngati wina wamugwira paphewa. Pakamwa panatseguka.

"Odi kuno." Anali mawu a mayi wokalamba, otopa, olankhula chikwathu chakale. "Ndine Nachisale. Tsache ndalisiya lero. Mwana wanga ali kuti?"

Mwanayo, amene tsopano anali ndi zidzukulu, anagwetsa lichero. Mawu aja anamuuza zonse, za denga, za mapale, za chibangili, bwalo lonse likumva, ndipo misozi inkatsika m'masaya mwa mwini pakamwa. Potsiriza anati, "Alamu, paja simunandiyankhe. Makalata anali angati?"

Kamtedza anakweza dzanja, naimika chala chimodzi.

"Mukanandiuza tsiku lomwe lija, ndikanaumbabe. Ndikanakupatsani ndekha kalatayo, kuti mudzamuuze mwanayu kuti amake sanamutaye. Chimenecho chokha."

Pakamwa panatsekeka, ndipo sipanatsegukenso, ngakhale kulandira madzi.

Anameta maliro a Nachisale sabata yomweyo. Agogo anga anaunda mtumbira wopanda munthu, navundikirapo mtsuko watsopano, atauboola pansi. Kamtedza atamwalira anamuika chapatali, ndipo mbiya iliyonse imene anaika pamutu pake, pofika masana inkapezeka itagubuduzika.

Mtsuko wa Nachisale ulipo mpaka lero, kuseri kwa mitengo ya mkuyu kumanda akale. Amene akuti ndanama apite dzuwa lili paliwombo, akaike khutu pabowo. Ine ndinaikapo kamodzi, ine amene ndinagwirapo nyalugwe kumchira, ndipo ndinamva tsache likusesa pamwala, patali, m'nyumba yaikulu kwambiri.